Malangizo: Phokoso la Injini mu Wailesi ya Galimoto

Madalaivala a pamsewu wa M14, kuchokera ku Senga Bay kupita ku Lilongwe, wailesi ikayamba phokoso musafulumire kunena kuti siteshoni yatalikira. Imani, zimitsani injini. Mawu akamveka bwino, vuto lili m'galimoto mwanumo. Kulira kokwera mukaponda mafuta kumachokera ku alternator, pomwe kuthetheka, makamaka pa AM, kumachokera ku mapulagi ndi mawaya ake. Ena amati ingogulani wailesi ina. Nayonso idzalira chimodzimodzi ngati chinyezi cha kunyanja chachititsa dzimbiri pomwe waya wa earth ndi tsinde la eriyo zakhudza bodi. Palani pamenepo mpaka pawale, mumangitse. A dizilo musati sizikukukhudzani: alternator muli nayo. Zulaninso tchaja ya foni, mumve kusiyana kwake.