Phunziro: Manja Amene Amagwira Bala

Kuwerenga: Luka 10:30-37

Msamariya uja sanayambe wafunsa kuti wovulalayo ndi wa mtundu wanji kapena akudwala chiyani. Anasamala mabala ake. Ifenso kuno ku Thyolo, wina akatuluka m'chipatala amafikira m'manja mwathu, choncho tiyenera kudziwa kagwiridwe ka bala.

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tinaphunzitsidwa lamulo limodzi m'chipinda cha opaleshoni: magazi a munthu aliyense agwiridwe ngati ali ndi kachirombo. A bwana wa pa esiteti, a mayi wothyola tiyi, a mkazi wa wansembe, onse chimodzimodzi. Amene amavala magolovesi pokhapokha akaona wodwala wowonda akumusala wodwalayo, komanso sakudziteteza, pakuti kachirombo ka HIV sikaoneka pankhope. Kuyambira 2003, pamene a MSF anayamba kupereka ma ARV pa chipatala cha boma cha Thyolo, ambiri ali ndi thanzi ndipo tikuthokoza Mulungu. Koma si onse amene anayezetsa, ndipo matenda a chiwindi a hepatitis B nawonso amadzera m'magazi.

Pakhomo magolovesi akasowa, valani majumbo apulasitiki osabooka, ndipo mukatha musambe m'manja ndi sopo. Nsalu za magazi ziviikidwe m'madzi a Jik musanachape. Lumo likhale la munthu mmodzi, kaya ndi pometa pamaliro, potema mphini kapena ku chinamwali. Mukabayidwa ndi singano kapena kuchekedwa ndi lumo limene lagwira wina, tsukani ndi sopo pa madzi oyenda, osafinya, ndipo thamangirani kuchipatala. Mankhwala oteteza otchedwa PEP ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Wosiyira panjira chifukwa cha mseru wataya chitetezo chake.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya mdulidwe wa abambo wa kuchipatala. M'chaka cha 2007 bungwe la WHO linavomereza njirayi kafukufuku atachitika ku South Africa, Kenya ndi Uganda, amene anaonetsa kuti mdulidwe umachepetsa mpata woti mwamuna atenge kachirombo kwa mkazi ndi magawo pafupifupi 60 pa 100. Tamvetsetsani, akuti umachepetsa, sakuti umathetsa. Ndipo bala limafuna masabata 6 kuti lipole, banja lisanayambe kukhalira limodzi. Pa sabata lachitatu kunja kumaoneka ngati kwauma, bambo nkuyamba kunena kuti achira. Mkati khungu likadali lanthete, ndipo pamenepo mpamene kachirombo kamadutsa mosavuta, kuchoka kwa mayi kupita kwa bambo kapena kwa bambo kupita kwa mayi. Tikudziwa kuti kukana nkovuta m'nyumba ya pa layini ya chipinda chimodzi. Nchifukwa chake timati banja ligwirizane za masabatawa bambo asanapite kukadulidwa, ndipo ngati nkotheka mupite nonse kukamva uphungu.

Ana athu aamuna akadulidwa, agogo ena amapaka phulusa kapena mankhwala azitsamba pabala kuti liume msanga. Ichi tisalole ngakhale pang'ono, chifukwa ndi njira ya kafumbata, matenda oumitsa khosi ndi nsagwada amene amapha. Bala likhale louma ndi laukhondo monga ananenera adokotala. Izi zikukhudzanso mayi amene wabereka kudzera pa opaleshoni: asafulumire kubereka dengu la tiyi kumsana m'nyengo ya mvula poopa kudulidwa malipiro. Apa ndi pamene ife a Mothers' Union tiyenera kumutungira madzi ndi kumuphikira.

Bala likatupa, likatuluka mafinya kapena magazi, kapena thupi likatentha, musadikire tsiku la malipiro. Pitani naye ku kiliniki ya pa esiteti, ku Malamulo kapena ku chipatala cha boma tsiku lomwelo.