Kukaona ku Changalume, kubwerera ku Lirangwe

Wa ku Ndirande aliyense amaidziwa fakitale ya simenti ya ku Makata. Koma ndi angati anakafika kumene kunkachokera mwala wake? Ndi ku Changalume, kuseri kwa phiri la Zomba, ndipo ndi ulendo wa tsiku limodzi mukalawirira.

Mafuta thirani tanki yodzaza ku Limbe. A ku Bangwe muli kale pakhomo. A ku Chilomoni ndi Zingwangwa dzukani m'mamawa mzere wa magalimoto usanayambe. Gwirani msewu wa ku Zomba. Pa Njuli muona phiri lodyeka mbali imodzi, kumene amaphwanya miyala ya kwale. Pitirirani Namadzi ndi Thondwe, ndipo musanalowe m'tauni ya Zomba mukhotere kumanzere. Funsani a kabaza pamphambanopo, musachite manyazi.

Ku Changalume kampani ya Portland Cement inkakumba mwala wa laimu n'kuuwotcha, sitima n'kumatutira ku Blantyre kokapera. Ntchito inaima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Chatsala ndi phiri losemedwa, loyera mbuu ngati wina analithira ufa. Pano kuli asilikali, choncho foni ikhale m'thumba mukayandikira kambi, ndipo musalowe paliponse osapempha.

Kukoma kwa ulendowu ndi potsetsereka kulowera ku Chingale. Chigwa cha Shire chimangoti yalaa kutsogoloku, phiri la Zomba lili njo kumbuyo. Koma apa mpamene pamafunika mutu. Ikani giya yotsika, galimoto izitsika ndi injini. Mukamangoponda mabuleki atentha, mumva fungo lake, ndipo pakona yotsatira sagwira. Imbani hutala pokhota paliponse chifukwa njinga zamakala zimatulukira mwadzidzidzi, thumba lili chopingasa.

Kuchoka ku Chingale, msewu wopita ku Lirangwe ndi uja andale akhala akulonjeza phula chisankho chilichonse. Yembekezani fumbi, miyala ndi timilatho tofunika kutsika kaye n'kuyang'ana. Kagalimoto kotsika ngati Mira kasiyeni kunyumba. Pezani pikapu, tayala lapadera lopopa bwino, jeke ndi madzi akumwa. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Mvula ikagwa bwererani njira yomwe munadzera.

Mukatulukira pa Lirangwe mwagwira M1, kenaka Lunzu. Yesetsani kuti phula mulipeze dzuwa lisanalowe.