Makalata a omvera: Siketi yayamba kuthina

Kalata ya lero yachokera kwa mayi wina wazaka za m'ma 40 amene amagwira ntchito ya maakaunti ku Blantyre. Akuti amakhala pa kompyuta kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo masiketi ayamba kuwathina m'chiuno ngakhale anasiya kudya kadzutsa.

Kudzimana chakudya sikungawathandize kwenikweni mayiwa. Munthu akapitirira zaka 30, minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndipo kukhala pampando tsiku lonse kumawonjezera vutoli. Bungwe la World Health Organization limalangiza akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, komanso kulimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata. Sikofunika kulipira jimu ayi. Kukwera masitepe a ku ofesi, kunyonyomala ndi kudzuka mobwerezabwereza, ngakhale kunyamula zigubu za madzi, zonsezi zimagwira ntchito.

Pankhomaliro mayiwa achepetse mitanda ya nsima, achulutse masamba ndi nyemba. Asamalenso zakumwa: kachitini ka Coca-Cola ka 330ml kali ndi shuga wokwana magalamu 35.

Ngati ali ndi BP kapena matenda a shuga, ayambe aonana ndi dokotala asanayambe zolimbitsa thupizi.