Bilu, Chenji, ndi Mphatso: Kodi Mumazisiyanitsa?

1. Kodi ndi ndalama zitatu ziti zimene zimaloŵetsedwamo pamene munthu adya m'lesitilanti?

TAYEREKEZERANI mlimi wa fodya wa ku Karoi, m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe. Wagulitsa mabelo ake ku Harare, ndipo pobwerera kwawo waima pa Chinhoyi nadya nsima ya nyama, imene kumeneko amaitcha sadza. Pamene akusamba m'manja, pali ndalama zitatu zofunika kuzilingalira: mtengo wa chakudyacho, chenji chake, ndi kandalama kothokozera mtsikana amene anamperekera mbale. Ziŵiri zoyambazo ndi mangaŵa. Yachitatuyo ndi mphatso. Chinyengo chochuluka cha pathebulo chimayamba pamene wina asokoneza zimenezi.

Pamene Masiwiti Anakhala Chenji

2, 3. (a) Kodi ndi vuto lotani limene linabuka mu Zimbabwe mu 2009? (b) Kodi ndani amene anali kutayapo?

2 Kuchiyambi kwa 2009, dola ya Zimbabwe itatheratu mphamvu, dzikolo linayamba kugwiritsira ntchito dola ya America ndi randi ya South Africa. Ndalama zapepala zinalipo, koma zachitsulo zinali zosoŵa kwambiri. Chotero wogula woyenera kubwezeredwa masenti 30 kaŵirikaŵiri anali kupatsidwa masiwiti, bolopeni, kapena kapepala kodzatengera kanthu tsiku lina pamalo omwewo. Vutolo linayamba kuchepa mu December 2014, pamene banki yaikulu ya dzikolo inatulutsa makobidi otchedwa bond coins.

3 Ogulitsa ambiri analibedi chenji, ndipo sitingawaimbe mlandu pa zimenezo. Komabe, taonani kumene masentiwo anali kugwera. Kapepala kamatayika, ndipo wapaulendo sangatsikenso basi pa Banket kuti akalonjerere masenti ake. Kwa wantchito wa pafamu, masenti 30 lero ndi 40 maŵa ndiwo mchere ndi sopo wa banja. Wogulitsa woona mtima akananena asanapakule nsima kuti chenji palibe, kapena nthaŵi zina akanalola kuti wotayapo akhale iye.

4. Kodi bilu yosalongosoka imafanana motani ndi buku la ngongole la pafamu?

4 Anthu a m'mafamu a ku Mashonaland anaidziŵa kalekale nkhani imeneyi. Ambiri a iwo ndi ana ndi adzukulu a amuna ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia, ndi Tete, ena a iwo otengedwa ndi bungwe lolemba antchito lotchedwa Mthandizi. Pamafamu ambiri panali sitolo yokongoza zinthu, ndipo ngongoleyo inali kudulidwa pamalipiro mwezi ukatha. Buku linali m'manja mwa kalaliki. Munthu wosadziŵa kuŵerenga anali kungogwedeza mutu nalandira zotsalazo. Bilu imene imasonyeza chiwonkhetso chokha, popanda mtengo wa mbale iliyonse ndi botolo lililonse, imaika wodyayo pamalo a munthu ameneyo.

5. Kodi lamulo lonena za miyeso limakhudza motani wogulitsa ndi wogula yemwe?

5 Chilamulo cha Mose chinaletsa Mwisrayeli kusunga m'thumba lake miyala iŵiri yopimira, waukulu ndi waung'ono. (Deuteronomo 25:13-15) Lerolino miyala iŵiriyo ingakhale mtengo wina pakhoma ndi wina pabilu, kapena mtengo wina kwa mnansi ndi wina kwa mlendo. Ingakhalenso kusinthira ndalama pamlingo wobisika pamene mtengo walembedwa m'madola koma wogula akulipira m'ndalama ya ZiG, imene inayamba mu April 2024. Ndipo muyeso umodziwo ngwa wogula yemwe. Ngati woperekera zakudya waiŵala kulemba botolo limodzi, kodi mudzakhala chete? Kumalo ambiri ndalama yopereŵera imadulidwa pamalipiro ake.

Mphatso Siichita Kulandidwa

6. Kodi mwambo wa tipi umasiyana motani m'maiko osiyanasiyana?

6 Pamsika wa kwathu, wopereka zowonjezera amakhala wogulitsa. Mayi wa tomato amaikapo mmodzi pamwamba, mbasera kapena pulayizi. Nchifukwa chake ena a ife timadabwa kumva kuti wogula ndiye ayenera kuwonjezera. M'malesitilanti a m'mizinda ya Zimbabwe, tipi ya pafupifupi 10 peresenti njozoloŵereka, pamene m'tinyumba todyeramo ta m'mbali mwa msewu palibe amene amaiyembekezera kwenikweni. Ku Japan mwambowo kulibe. Ku United States, lamulo la boma lalikulu limalola bwana kulipira woperekera zakudya $2.13 yokha pa ola, chiŵerengero chimene chinaikidwa mu 1991, malinga ngati matipi akukwaniritsa malipiro otsikitsitsa ololedwa.

7. Kodi nchifukwa ninji tipi singaloŵe m'malo mwa malipiro?

7 Chitsanzo chomalizirachi chimavumbula ngozi yake, pakuti mphatso ya mlendo yasanduka mbali ya malipiro. Chilamulo chinafuna kuti waganyu wosauka alipidwe dzuŵa lisanaloŵe, kaya akhale mbadwa kapena mlendo wokhala m'dzikomo, ndipo Yakobo anadzudzula eni minda omana okolola malipiro awo. (Deuteronomo 24:14, 15, Yakobo 5:4) Mwini lesitilanti amene amasunga matipi a antchito ake sali wosiyana nawo. Ngati pabilu pawonjezeredwa ndalama ya utumiki, sikulakwa kufunsa mwaulemu ngati imafikadi kwa operekera zakudya ndi otsuka mbale.

8. Kodi ndi liti pamene ndalama yothokozera imaleka kukhala mphatso?

8 Woperekera zakudya nayenso ali ndi chiyeso chake. Kuzengereza dala ndi chenji kufikira basi italiza hutala sindiko kulandira mphatso. Ndipo ndalama yoperekedwa mwamseri kuti nyama iwonjezeredwe popanda kulembedwa pabilu ndi chiphuphu, pakuti mwini malowo ndiye akuberedwa. (Eksodo 23:8) Koma kumene tipi ili mwambo, munthu wolingalira ena amaiŵerengeratu asanaitanitse chakudya, ngakhale ngati zimenezo zingatanthauze kusankha mbale yotsikirapo mtengo. Mlimi wa ku Karoi uja ali ndi ufulu wa kulandira chenji chake chonse m'manja, kuchiŵerenga, ndiyeno kusankha yekha ngati adzasiyapo kanthu pathebulo.