Tsiku Limodzi pa Wailesi ya Sefuliya: Nyimbo, Malangizo ndi Chiyankhulo

Mawu oyamba

Anthu ambiri akamakamba mbiri ya wailesi m'Malawi amayambira mu 1964, chaka chimene bungwe la Malawi Broadcasting Corporation, kapena kuti MBC, lidakhazikitsidwa. Komatu Amalawi adayamba kumva chiyankhulo chawo pa wailesi chakachi chisanafike. Mawuwo ankachokera ku Lusaka, m'dziko lomwe pa nthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia, ndipo ankafika kuno kudzera pa shortwave. Nkhani ino ikuunika momwe tsiku la wailesiyo linkayendera m'zaka za m'ma 1950, poganizira womvera wa kumudzi monga ku Chisemphere, dera la fodya la kumpoto kwa boma la Kasungu, lomwe lili pa mtunda wa makilomita oposa 600 kuchokera ku Lusaka. Mfundo yaikulu ndi yakuti ndondomeko ya mapologalamu a tsiku idali malo a mkokemkoke. Boma linkafuna kulangiza anthu, pomwe omvera ankafuna nyimbo zawo, chiyankhulo chawo ndi mayina a abale awo. Amene wapatsidwa nthawi yochuluka pa ndondomekoyo ndiye adali mwini wailesi.

Chiyambi cha wailesi ya Lusaka

Boma la atsamunda lidayamba kuulutsa mawu ku Lusaka mu 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Cholinga chidali kudziwitsa anthu za nkhondoyo, makamaka mabanja a asilikali amene adapita kukamenya nkhondo kutali. Anthu akuda amene adali ndi wailesi yawoyawo adali owerengeka, choncho ambiri ankamvera pa mawailesi oikidwa pa boma, kwa mafumu ndi m'maholo a m'matauni a migodi.

Nkhondo itatha, mkulu wa zofalitsa nkhani wa boma la Northern Rhodesia, Harry Franklin, adalimbikira zoti wailesiyi ikule. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, maboma a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland adagwirizana kuti Lusaka iziulutsira anthu akuda a mayiko atatuwa, ndipo Salisbury, yomwe tsopano ndi Harare, iziulutsira Azungu. Wailesiyo idatchedwa Central African Broadcasting Station, mwachidule CABS. Ziyankhulo zake zidali Chinyanja, Chibemba, Chilozi, Chitonga cha ku Zambia, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Chinyanja ndi dzina limene chiyankhulo chathu chinkadziwika nalo kuno kufikira mu 1968, ndipo ku Zambia ndi ku Mozambique likugwirabe ntchito.

Sefuliya yolankhula

Kuulutsa mawu popanda womvera kuli ngati kuyimba ng'oma kuthengo. Mawailesi a nthawiyo adali odula, ndipo ambiri ankafuna magetsi, omwe kumidzi kudalibe. Franklin adafunafuna kampani yoti ipange wailesi yotchipa mpaka adagwirizana ndi kampani ya mabatire ya Ever Ready ya ku Britain. Mu 1949 wailesiyo idayamba kugulitsidwa. Inkatchedwa Saucepan Special chifukwa chikho chake chidali chachitsulo chozungulira ngati sefuliya yophikira yopanda chogwirira. Idali yopakidwa utoto wobiriwira ngati mtambo, ndipo mabowo ake adatsekedwa ndi kaukonde kuti mphemvu ndi tizilombo tina tisalowemo. Mtengo wake udali mapaundi 5, ndipo batire, lomwe lidali lalikulu ndipo wailesiyo inkakhala pamwamba pake, lidali masheleni 25.

Ndalama imeneyi sidali yochepa kwa mlimi wamba. Ogula ambiri adali aphunzitsi, akalaliki, eni masitolo, mafumu ndi anthu obwera kuchokera ku migodi. Koma wailesi imodzi inkamveredwa ndi anthu ambiri, pakuti mwini wake akaiika pakhonde, mudzi unkasonkhana.

Zinthu zitatu zimene zinkagawa tsiku

Kuti timvetse tsiku la womvera wa ku Chisemphere, tiyenera kudziwa zinthu zitatu zimene zinkamusankhira nthawi yomvera.

Choyamba ndi dzuwa. Mafunde a shortwave amakwera kumwamba, n'kukagunda gawo lina la mpweya lotchedwa ionosphere, kenako n'kubwerera pansi kutali ndi kumene achokera. Ichi ndicho chifukwa chake makina amodzi a ku Lusaka ankatha kufikira mayiko atatu. Gawo la mpweyali limasintha malinga ndi dzuwa. Masana limameza mafunde otalikirapo, monga a mamita 60 ndi 90, koma dzuwa likalowa mafunde omwewo amayenda bwino ndipo mawu amamveka mokweza. M'nyengo ya dzinja ziphaliwali zimadzetsa phokoso lothetheka, ndipo mawu a woulutsa amabwera ndi kupita ngati munthu woyitana kutsidya kwa dambo kukuwomba mphepo.

Chachiwiri ndi batire. Likatha, kupeza lina kunkafuna ndalama ndiponso ulendo wa ku sitolo ya kutali. Motero wailesi sinkangolira tsiku lonse monga tichitira lero. Mwini wake ankaitsegula pa nthawi ya pologalamu imene waikonda, ikatha n'kutseka. Magazini ya African Listener, yomwe CABS inkasindikiza, inkaonetsa ndondomeko ya mapologalamu, ndipo wodziwa kuwerenga ankatha kukonzeratu nthawi yoyatsira.

Chachitatu ndi chiyankhulo. Popeza ziyankhulo zisanu ndi ziwiri zinkagawana nyumba imodzi ya mawu, wolankhula Chinyanja sadali ndi tsiku lonse. Ankadikira gawo lake. Kwa anthu a kumpoto kwa Kasungu, kumene Chichewa chimakumana ndi Chitumbuka, panali mfundo inanso: Chitumbuka sichidali m'gulu la ziyankhulo zazikulu za CABS, choncho Mtumbuka ankamvera m'chiyankhulo cha mnansi wake.

Tikaphatikiza zitatuzi ndi ntchito ya kumunda, tikuona kuti nthawi ya mtengo wapatali idali ya madzulo, anthu ataweruka, makasu atatsamira pankhokwe. Funso loti madzulowo mukhale chiyani, malangizo kapena nyimbo, ndilo lidali pakati pa mkokemkoke uja.

Mbali ya kulankhula

Boma lidaika ndalama pa wailesi kuti lizilankhula. Tsiku lililonse padali nkhani, zomwe zinkalembedwa m'Chingerezi ndipo oulutsa akuda ankazimasulira m'ziyankhulo zawo. Padalinso malangizo a ulimi, a ukhondo, a kulera ana, mapologalamu a amayi ndiponso ophunzitsa Chingerezi.

Apa ndi pamene wophunzira chiyankhulo ayenera kutchera khutu. Woulutsa wa Chinyanja ankakumana tsiku ndi tsiku ndi zinthu zopanda dzina m'chiyankhulo chake, monga nyumba ya malamulo, chisankho, feteleza ndi katemera. Ankayenera kusankha msanga pakati pa kubwereka liwu lachingerezi, kufotokoza chinthucho ndi mawu angapo, kapena kupatsa liwu lakale tanthauzo latsopano. Liwu lakuti wailesi lenilenilo lidabwerekedwa ku liwu lachingerezi lotanthauza chinthu chopanda waya, ndipo Abemba adaliumba kukhala wayaleshi. Peter Fraenkel, yemwe adagwira ntchito pa CABS, adatcha buku lake la mu 1959 lofotokoza za wailesiyi dzina lomwelo lakuti Wayaleshi. Bukuli likuonetsa kuti ogwira ntchito pa CABS adazindikira msanga kuti malangizo ongowerenga papepala sankalowa m'mitima ya anthu. Zimene zinkagwira mtima zidali masewero, omwe ochita ake ankangopatsidwa mutu wa nkhani n'kumalankhula za m'mutu mwawo ngati pabwalo, komanso malangizo okulungidwa m'miyambi ndi m'nyimbo. Tinganene kuti wailesi idayamba kumveka pamene idasiya kulankhula ngati kalata ya kwa Bwanamkubwa n'kuyamba kulankhula ngati munthu wa pamphala.

Mbali ya nyimbo

Kwa akuluakulu a boma, nyimbo zidali nyambo yokopera anthu kuti akhale pansi mpaka malangizo afike. Kwa omvera, nyimbozo ndizo zidali nsima yeniyeni. CABS inkatumiza galimoto yokhala ndi makina ojambulira mawu m'midzi ndi m'makomboni, ndipo idasonkhanitsa nyimbo zambiri za makolo ndi za magitala. Woyimba wotchuka kwambiri pa wailesiyi adali Alick Nkhata, yemwe adabadwira ku Kasama mu 1922, bambo ake Mtonga wa ku Nyasaland, mayi ake Mbemba. Nkhata adagwirapo ntchito ndi Hugh Tracey, katswiri wojambula nyimbo za mu Africa amene adafikanso kuno mu 1950 ndi mu 1958. Iye ankayimba m'Chibemba ndi m'Chinyanja, ndipo nyimbo zake zambiri zinkakamba za moyo watsopano wa m'tauni ndi mikangano ya m'banja.

Pologalamu imene idaposa onse idali ya makalata a omvera, yotchedwa Zimene Mwatifunsa. Womvera ankalemba kalata yopempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale. Kuti tione kulemera kwa pologalamuyi, tikumbukire kuti Nyasaland lidali dziko la amuna apaulendo. Ambiri, kuphatikizapo a ku Kasungu, ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku mafamu a ku Southern Rhodesia kudzera ku Mthandizi, enanso ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia. Ena sankabwerera, ndipo ankatchedwa matchona. Kalata yopita kumudzi inkachedwa, ndipo ikafika inkafuna munthu wodziwa kuwerenga. Koma moni wa pa wailesi unkafika nthawi yomweyo, m'chiyankhulo cha pakhomo, mudzi wonse ukumva. Mayi akamva dzina la mwana wake likutchulidwa pamodzi ndi mudzi ndi mfumu yake, ankadziwa kuti ali moyo. Motero omvera adasandutsa wailesi ya boma kukhala positi ofesi yawo, pomwe eni ake adaikonza kuti ikhale sukulu.

Pamene chikhulupiriro chidasweka

Mu 1953 Britain idalumikiza mayiko atatu aja m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anthu akuda ambiri akukana. Wailesi ya Lusaka idayenera kuulutsa nkhani zokometsera chitaganyacho, ndipo mawu amene ankaziwerenga adali a oulutsa omwe aja amene anthu ankawakonda. M'nyengo imeneyi mudabuka mphekesera zoti ogwira ntchito pa wailesiyi akugwirizana ndi banyama, anthu amene ankanenedwa kuti amapopa magazi, ofanana ndi anamapopa amene mphekesera zawo zidavuta kuno mu 2002 ndi mu 2017. Oulutsa ena, Nkhata mmodzi wa iwo, adakhala mwamantha. Mu 1958 CABS idalowa pansi pa Federal Broadcasting Corporation, ndipo ulamuliro wake udapita ku Salisbury. Omvera sadasiye kukonda nyimbo ndi moni, koma adaphunzira kumvera nkhani za boma ndi khutu limodzi.

Tsiku la wailesi litabwera ku Blantyre

Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963, ndipo mu 1964 MBC idayamba ntchito ku Blantyre. Kwa zaka zambiri madera akutali ankaimva pa shortwave, mwachitsanzo pa 3380 kHz m'gawo la mamita 90, pogwiritsa ntchito mawailesi aang'ono a mabatire a tochi monga a Nzeru, opangidwa m'dziko momwe muno. Maonekedwe a tsiku sadasinthe kwenikweni: nkhani, malangizo a ulimi, masewero monga Kapalepale, ndi makalata a moni monga a mu Zokonda Amayi. Chimene chidasintha ndi mwini malangizo. Tsiku linkayamba ndi kulira kwa tambala, yemwenso adali chizindikiro cha chipani cholamula, ndipo nyimbo zambiri zidali zotamanda Dr. Hastings Kamuzu Banda.

Nkhani ya chiyankhulo idafika poyera mu 1968, pamene msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kukhala chiyankhulo cha fuko. Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi, ndipo chidabwereranso mu 1994, ulamuliro wa chipani chimodzi utatha. M'dera ngati Chisemphere chigamulo chotere chidakhudza anthu a mudzi umodzi mosiyana: wina adamva chiyankhulo cha mayi ake tsiku lonse, wina ayi. Bungwe la Chichewa Board, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, linkagwiritsa ntchito pologalamu ya Tiphunzire Chichewa pouza anthu kalankhulidwe kovomerezeka.

Komabe shortwave siidziwa malire a dziko. Amene adali ndi wailesi ankatha kupotoza kachitsulo n'kumva nthano za Julius Chongo za Poceza m'Madzulo pa wailesi ya Zambia, zomwe katswiri wa ziyankhulo Ernst Wendland adazifufuza ndi kuzisindikiza. Ankathanso kumva Chichewa kuchokera ku Johannesburg, kapena nkhani za BBC kuchokera ku London. Mu 1992, mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo ya pa 8 Malichi yodzudzula boma, Amalawi ambiri adatsatira zotsatira zake pa mawailesi akunja otere.

Mawu omaliza

Lero ku Kasungu anthu amamvera mawailesi a FM, ena pa foni zam'manja ali m'chigafa kusoka fodya, ndipo moni amatumiza pa WhatsApp. Koma mafunso amene tsiku la wailesi ya sefuliya lidadzutsa akadalipo: ndani akulankhula, m'chiyankhulo chiti, kwa mphindi zingati, ndipo womvera ali ndi gawo lanji? Mbiri ya Chichewa kawirikawiri timaifufuza m'mabuku a amishoni ndi a sukulu, chonsecho anthu ochuluka amene sadapite kusukulu adakumana ndi Chichewa cha madera ena kudzera m'khutu. Agogo amene adamvera Zimene Mwatifunsa ali ana tsopano apitirira zaka 75. Ophunzira a ziyankhulo achita bwino kupita kwa iwo ndi makina ojambulira mawu akadali moyo, n'kuwafunsa nyimbo zimene ankapempha, mawu atsopano amene adayamba kuwamvera pa wailesi, ndi dzina la m'bale limene ankalidikira madzulo aliwonse.