MAUNGU A M'CHIPULULU CHA WENDOVER

Tikamaphunzira za Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse timangoloweza masiku awiri: pa 6 Ogasiti 1945 bomba la atomiki linagwa pa mzinda wa Hiroshima, ndipo pa 9 lina linagwa pa Nagasaki. Koma anzanga, munthu sangangodzuka m'mawa n'kukaponya chida chotere osayeserera. Nanga ankayeserera kuti?

Malo ake ndi Wendover, m'malire a zigawo za Utah ndi Nevada ku Amereka. Inu a kwathu ku Kande ndi ku Chintheche, tangoganizani nyanja yathu itauma, m'malo mwa madzi mutangoti mbee mchere, popanda mtengo kapena bwato. Bwalo la ndege za nkhondo linayamba kumangidwa kumeneko mu 1940. Boma linakonda malowa chifukwa kunali anthu ochepa. Bomba likaphonya silikanapha munthu, ndipo kazitape akanaonekera msanga.

Mu Seputembala 1944 msilikali wina wa zaka 29, Lieutenant Colonel Paul Tibbets, anasankha bwaloli kuti aphunzitsirepo gulu lake, lotchedwa 509th Composite Group. Ndege zawo za mtundu wa B-29 anazichotsa mfuti zambiri ndi zitsulo zotchinjiriza kuti zipepuke. Tsono ankaponya mabomba oyeserera amene ankawatcha maungu chifukwa cha kunenepa kwake. Ambiri mkati mwake munali simenti chabe. Dzungu limodzi linkalemera pafupifupi matani anayi ndi theka, ngati matumba 90 a chimanga!

Phunziro lovuta linali la kuthawa. Ndege inkakwera makilomita 9 m'mwamba, n'kuponya dzungu, nthawi yomweyo n'kukhota mwamphamvu madigiri 155 kubwerera m'mbuyo. Chifukwa chake n'chakuti bomba lenileni likanaphulika pasanathe mphindi imodzi, ndipo mphamvu yake ikanaphwanya ndege imene yachedwa kutalikira. Anyamatawo anachita zimenezi mobwerezabwereza, koma ambiri mwa iwo sanauzidwe chimene ankakonzekera. Ine chimenechi chimandiwopsa koposa: anaphunzira bwino lomwe kupulumutsa moyo wawo, osadziwa kuti pansipo padzatsala chiyani.

Gululi litasamukira ku chilumba cha Tinian, bomba lenileni linayesedwa pa 16 Julayi 1945 m'chipululu china ku New Mexico. Mtundu umenewu ndi umene unagwa pa Nagasaki. La ku Hiroshima silinayesedwe n'komwe. Tibbets analinyamula m'ndege imene anaitcha dzina la mayi ake, Enola Gay, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho anthu pafupifupi 140,000 anali atafa.

Mwina wina anena kuti izi ndi za azungu okhaokha. Ayi ndithu. Mwala wa yureniyamu wambiri umene anagwiritsa ntchito unakumbidwa ndi anthu akuda pa mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, m'dziko la Congo. Mu 1940 kampani ya Union Minière inatumiza matani pafupifupi 1,200 a mwalawu ku New York. Mwala wa mtundu womwewu uliponso kuno kwathu, ku Kayelekera m'boma la Karonga, kumene mgodi unatsegulidwa mu 2009. Komanso pamene anzawo ankaponya maungu ku Wendover mu 1944, agogo athu a gulu la King's African Rifles anali m'nkhalango za ku Burma, kumenyana ndi asilikali a ku Japan komweko.

Ku Nagasaki bomba linaphulika pafupifupi mamita 500 kuchokera pa tchalitchi chachikulu cha Urakami, pakati pa Akatolika amene makolo awo anasunga chikhulupiriro mobisa kwa zaka zoposa 200. Mwa akhristu 12,000 a kumeneko anafa pafupifupi 8,500. Ku Tinian kunalinso wansembe, Bambo George Zabelka, amene ankachitira Misa asilikali a ndegezi, ndipo pa nthawiyo sanatsutse kanthu. Patapita zaka zambiri anavomera poyera kuti analakwa pokhala chete. Mu 1984, ali wokalamba, anapita ku Japan kukapempha chikhululukiro kwa anthu amene anapulumuka.