Tiwerengere feteleza amene zimbudzi zapadoko zikuthira m'nyanja

Pamisonkhano ya ma BVC timakambirana kwambiri za maukonde oletsedwa ndi nyengo yotseka nyanja. M'phunziro lino titembenukire kumtunda pang'ono, kumene kuli malo ogona alendo, malo omwera mowa, malesitilanti ndi mashedi oumitsira nsomba. Malo onsewa ali ndi zimbudzi, ndipo chimbudzi chilichonse chimatulutsa nayitrojeni.

Nayitrojeni si wachilendo kwa ife. Ndi mchere womwe timaufuna tikamagula feteleza wobereketsa wa Urea. M'thumba la Urea la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitrojeni. Nalonso thupi la munthu wamkulu limatulutsa pafupifupi magalamu 10 a mcherewu patsiku, ndipo wambiri umatulukira mumkodzo. Kumunda umabiriwitsa chimanga. M'madzi umabiriwitsa ndere ndi namasupuni, udzu uja umatseka njira za mabwato mu mtsinje wa Shire. Ndere zikachuluka zimamaliza mpweya umene nsomba zimapuma, makamaka usiku komanso pamene zikuola. Nyanja ya Malawi ndi yaikulu, chimbudzi chimodzi sichingaisinthe. Koma vuto limayambira m'madzi osaya a m'magombe ndi m'mabango, momwe madzi sayenda kwambiri. Mmenemo ndi momwe kasawala amakulira.

Eni malo ena amatiuza kuti iwo alibe mlandu chifukwa anamanga chimbudzi chamadzi chokhala ndi septic tank. Kumanga thankiyo ndi bwino, koma ntchito yake ndi kudikhitsa zonyansa zolemera pansi. Nayitrojeni amasungunuka m'madzi, choncho thanki imagwira pang'ono chabe, mwina gawo limodzi mwa magawo khumi. Wotsalayo amapita m'dzenje lomwetsa madzi, n'kulowa m'nthaka. Ngati nthakayo ndi mchenga, monga zilili m'madoko ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, amatsika msanga kukafika pamadzi apansi, ndipo madziwo amayenda kulowera kunyanja.

Kuti tidziwe kuchuluka kwake sitifunika makina. Tingowerenga anthu. Munthu wokhala pamalopo usana ndi usiku timuwerengere magalamu 10. Wantchito wobwera m'mawa n'kuweruka madzulo, kapena mlendo wongogona usiku umodzi, timuwerengere theka lake, magalamu 5. Wodutsa amene wangolowa kukataya madzi kamodzi timuwerengere magalamu 2. Manambalawa ndi oyerekeza, koma ndi okwanira kuti komiti ione malo amene akuthira kwambiri.

Tiyerekeze malo ogona alendo okhala ndi bala. Mlonda ndi banja lake ndi anthu 4, amenewo ndi magalamu 40. Antchito 6 ndi magalamu 30. Alendo 10 ogona usiku uliwonse ndi magalamu 50. Makasitomala 40 a pabala ndi magalamu 80. Onani kuti odutsawa, amene mwini malo sawaganizira n'komwe, ndiwo aposa onse. Tikaphatikiza tikupeza magalamu 200 patsiku. Tichulukitse ndi masiku 365, tipeza magalamu 73,000, omwe ndi makilogalamu 73 pachaka. Tichotsepo gawo lija logwidwa ndi thanki, patsala pafupifupi makilogalamu 66. Tikagawa ndi 23, akutsala pang'ono kukwana matumba atatu a Urea. Munthu atabwera ndi matumba atatu a feteleza n'kuyamba kuwakhuthulira pagombe, komiti yonse ingathamangire pomwepo. Pano matumbawo akulowa mwakachetechete, chaka ndi chaka.

Powerenga musaiwale nyengo. Miyezi imene usipa wagwa, padoko pamadzaza amalonda ndi alovi ochokera kwina, choncho miyezi imeneyo iwerengedwe payokha. Chimbudzi chokumba chiwerengedwenso chimodzimodzi, kungoti palibe gawo la thanki lochotsera.

Si nayitrojeni yense amene amafika kunyanja. Pamene pali dothi la makande, mitengo ndi udzu pakati pa chimbudzi ndi gombe, wina amatsalira panjira. Koma pamchenga, pomwe ukakumba pang'ono wapeza kale madzi, ife timawerenga ngati wafika yense. Tikumbukire kuti mu 2024 nyanja inakwera mpaka kumiza nyumba ndi malo ogona alendo ku Mangochi, ndipo chimbudzi chikamira, zonse za m'dzenjemo zimasakanikirana ndi madzi.

Asanafike kunyanja, madzi apansiwa amadutsa m'zitsime zathu. Nayitrojeni wa m'chitsime saoneka ndipo sanunkha. Kuwiritsa madzi kapena kuthira klorini kumapha tizilombo ta kolera, koma sikuchotsa mcherewu, ndipo ukachuluka ndi woopsa kwa makanda osakwana miyezi 6. N'chifukwa chake a zaumoyo amalangiza kuti chimbudzi chitalikirane ndi chitsime ndi mamita osachepera 30.

Tikupempha mlembi wa BVC iliyonse kuti ayendere malo antchito a padoko lake pamodzi ndi nthumwi ya amfumu ndi mlangizi wa zaumoyo. Alembe anthu, matumba a pachaka, mtundu wa nthaka ndi mapazi ochokera pachimbudzi kukafika pamadzi. Malo amene ali ndi matumba ambiri, pamchenga, pafupi ndi gombe, ndiwo oyamba kukambirana nawo zosamutsira dzenje kumtunda. Amene akufuna kumanga kumene auzidwe asanaumbe njerwa.